Kamera Yodikira Mano

Aphunzitsi anzanga angapo akhala akundifunsa maganizo anga pa makamera ang'onoang'ono aja olowa m'thumba la malaya, podziwa kuti ine ndili nayo imodzi. Nthawi zonse ndimayankha mwachidule kuti chipangizocho n'chabwino, kenako ndimasintha nkhani. Ena amayang'ana pansi ndikamayankha choncho, milomo ikunjenjemera, ndipo ndimadziwa chimene akubisa, pakuti ku Nkhotakota kuno nkhani imafika pamsika mwini wake asanafike kunyumba. Choncho ndaganiza zoifotokoza ndekha mwadongosolo, kuti wofuna kugula kamera agule akudziwa, ndipo wofuna kuseka aseke zimene zinachitikadi, osati zowonjezera za anthu.

Ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Boma. Ana amene ndinawaphunzitsa, ena a iwo tsopano ndi a ndevu zawo, akandiona ndikubwera amapisira malaya m'thalauza. Mbiri imeneyi sindichita nayo manyazi. Ndimakhulupirira kuti chinthu chilichonse chili ndi kachitidwe kake koyenera, ndipo kujambulitsa ndi chimodzi mwa zinthuzo: munthu amaima mowongoka, manja m'mbali, pakamwa potseka. Chithunzi chimakhala pakhoma zaka zambiri. Si bwino kuti zidzukulu zizidzakuona mano ali pamtunda, n'kumafunsana kuti agogo ankaseka chiyani.

Kamerayo inabwera chifukwa cha ukwati wa Zainabu, mwana wa mng'ono wanga Asiyatu, amene amakhala kwa Kanyenda. Bambo ake a mwanayo, alamu anga a Twaibu, anapita ku Joni kukafuna ntchito Zainabu akadali wamng'ono, ndipo mapepala awo anali oti akangodutsa malire kubwera kuno, sakanathanso kubwerera. Ku ukwati wa mwana wawo woyamba sakanabwera. M'malo mwake anatumiza mabulangete, nsapato za mkwatibwi, ndi kabokosi kamodzi kolembedwa dzina langa. Madzulo ake anandiimbira foni.

"Asalamu alaikumu, alamu. Katundu wafika?"

"Wafika bwino lomwe. Koma kabokosi aka n'kachiyani?"

"Imeneyo ndi kamera. Ndaipereka kwa inu chifukwa enawo aigwetsa. Ine sindikupempha zambiri, alamu. Ndingomuona mwana wanga pa tsiku lake. Ndinamusiya asanathe n'kusenza ndowa, lero akuti akukwatiwa. Mundijambulire, ndimuone."

Ndinawayankha kuti asade nkhawa, ndipo ndinawonjeza kuti chinthu chikakhala m'manja mwanga sichilakwika. (Mawu amenewa ndikuwalemba dala, kuti muone kutalika kwa pamene ndinagwera.)

Tsopano ndinene za chipangizo chenichenicho, pakuti ndi chimene ndafunsidwa. Kukula kwake n'kofanana ndi sopo wosambira, ndipo n'chopepuka moti mukhoza kuiwala kuti chili m'chikwama. Chili ndi kachingwe kokoleka padzanja. Kumbuyo kwake kuli kagalasi koonerapo zimene mukujambula, koma kabowo kosuzumirapo, kamene makamera akale anali nako, palibe. Mabatani ake ndi ochepa ngati njere za mpunga, ndipo amene anawapanga ayenera kuti sanaonepo chala cha mayi amene wagwira choko ndi khasu moyo wake wonse. M'bokosimo munali batire, chingwe cholumikizira ku wailesi yakanema, kapepala ka zithunzi kosonyeza polowetsa batire, ndi kachimbale kamene kanali ndi malangizo onse. Ine ndine munthu wowerenga malangizo, ngakhale a pa paketi ya tiyi. Koma kachimbale kamafuna kompyuta, ndipo kompyuta ya kusukulu inali itapita kokakonzedwa. Ndinakaika m'kabati, ndi kudziuza kuti munthu wopita kukoleji sangagonje kwa sopo wa mabatani.

Ndinaiyesa pakhomo tsiku lotsatira, osakhudza china chilichonse koma batani loyatsira ndi lojambulira. Ndinajambula mtengo wa mango, nkhuku, ndi abambo akunyumba akumata chubu cha njinga. Ukadina batani pankamveka kaphokoso koti tii, kenako tcha, chithunzi n'kutuluka. Titalowa m'nyumba kukaziona pamthunzi, ndinagoma. Nthenga za tambala zinkaoneka imodziimodzi, ndipo imvi za m'ndevu za abambo zinaonekanso chimodzimodzi.

"Ahedi, chinthu chanuchi n'chabodza," anatero abambo, amene amanditchula choncho ngakhale tili awiriwiri. "Ine imvi zochuluka chonchi ndilibe."

"Kamera sinama," ndinawayankha. Awanso ndi mawu amene anadzanditembenukira.

Pamwamba pa kamerayo pali kagudumu kozungulira, ndipo m'mbali mwake muli tizithunzi: phiri, duwa, mwezi, munthu wothamanga, kamera yaing'ono yobiriwira pamene panaloza kagudumuko pobwera, ndi nkhope ya munthu yomwetulira. M'mawa wa tsiku la ukwati ndinakhala pansi n'kuganiza mofatsa, monga ndimachitira ndi funso la mayeso. Kwa Kanyenda sindikukajambula phiri. Maluwa adzakhalapo, koma a pulasitiki. Mwezi sudzaoneka masana, ndipo pa ukwati woyendetsedwa ndi ine palibe amene adzathamange. Chimene ndikukajambula ndi nkhope za anthu, pa tsiku la chimwemwe. Ndinatembenuzira kagudumuko pa nkhope yomwetulira, ndipo ndinadzimva kuti ndachita zanzeru kuposa munthu wongosiya zinthu momwe zabwerera. Mpaka lero ndikaunika maganizo amenewa sindipezamo cholakwa, kupatula kuti anali olakwika.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinachita zisanafike apa, zimene ndiyenera kuzitchula. A kuchimuna anali atapangana ndi wojambula wina wa pa Boma, ndipo ine ndinamukaniza. Ndinali nditaonapo ntchito yake: amauza mkwati kuti agwire mkwatibwi chibwano, amauza akuluakulu kuti aweramire mbali ngati atsikana a pa kalendala, ndipo amakuwa kuti aliyense amwetulire. Chachiwiri, ndinalengeza kuti pasapezeke munthu woloza mkwatibwi ndi foni. Mafoni a nthawi imeneyo ankajambula zinthu ngati zili mu utsi, komanso sindinafune kuti mwana wathu aziyenda m'matumba a anyamata. Anthu anamvera, chifukwa ndikalankhula anthu amamvera. Motero pa ukwati wonsewo panali kamera imodzi yokha, ndipo inali padzanja langa.

Kwathu kuno mkwatibwi woleredwa bwino saseka pa tsiku la ukwati wake. Amazolika, maso pansi, manja pamiyendo, ngakhale anzake atavina motani pamaso pake. Akaonetsa mano, amayi amanong'onezana kuti ukwatiwo ankaulakalaka kwambiri, kapena kuti kwawo kunamutopetsa. Ine ndinali mmodzi mwa amene anamulangiza Zainabu, ndipo mfundo imeneyi ndinaibwereza kangapo, chifukwa ndimamudziwa mwanayo: kuseka kuli naye pafupi kuyambira ali wamng'ono.

"Zainabu, apongozi ako ndi munthu wa maso akuthwa," ndinamuuza. "Adzakhala akukuyang'ana tsiku lonse. Chikakuseketsa chinthu, uziluma tsaya mkati."

"Ndamva, amayi aakulu."

Ndinanena zoona. Amayi ake a mkwati, asewere athu, amagulitsa nsalu pa Boma, ndipo ndi mayi yekhayo amene ndinakumana naye woyang'ana munthu kuyambira kumapazi kukwera, monga ndimachitira ine. Tinkalemekezana kwambiri, monga amalemekezerana atambala awiri a makola oyandikana.

Amuna atabwerera kuchokera kumzikiti, a Shehe ali patsogolo, dzuwa linali pamutu. Apa ndi pamene ndinapeza vuto loyamba la kamera imeneyi, ndipo ogula alimve bwino. Kagalasi kake, kamene m'nyumba kamaoneka bwino ngati kanema, padzuwa la kunyanja kuno kamasanduka kalilole. Bwalo la kwa Asiyatu ndi la mchenga woyera, ndipo ndikakweza kamera chimene ndinkaona chinali nkhope yanga yomwe, itachita tsinya. Ndikaphimba ndi dzanja ndinkaona zithunzithunzi zakuda zokhala ngati mitu ya anthu. Magalasi anga owerengera anali atatsala pa Boma, m'chikwama cha kusukulu. Sindinatekeseke. Ndinati bola mitu ikuoneka.

Ndinagwira ntchitoyo mwadongosolo. Ndinkaitana gulu, kuliimika pamzere, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo. Kenako ndinkalamula.

"Imani mowongoka. Malume, chotsani dzanja m'thumba. Pasapezeke woseka. Inu kumapetoko, tsekani pakamwa, si pamsika pano."

Nkhope zonse zikachita ndwii, ndinkadina batani. Pankamveka tii. Ndinkathokoza, n'kuzimitsa kamera nthawi yomweyo kuti ndisunge batire, pakuti kwa Asiyatu kulibe magetsi. Kaphokoso kachiwiri kaja koti tcha sindinkakamva, ndipo ndinazindikira ndithu kuti sindikukamva. Koma panali nthungululu, mapoto akugundana, ana akulira, ndiye ndinati kakumira m'phokoso. Ndinajambula motero mkwati ndi mkwatibwi, mkwatibwi ndi amayi ake, a kuchimuna paokha, a kuchikazi paokha, a Shehe ndi akuluakulu a kumzikiti. Zainabu anachita bwino kwambiri. Anazolika tsiku lonse, ndipo ndinaona asewere akugwedeza mutu pang'ono. Mumtima ndinadzipatsa malikisi onse.

Chinatsala chinali chithunzi chachikulu, cha mabanja onse awiri pamodzi. Apa pali vuto lachiwiri. Diso la kamera imeneyi linapangidwira mabanja a kunja, a bambo, mayi ndi ana awiri. Banja la ku Nkhotakota silikwanamo. Ndinawapanikiza, ndinagwaditsa achinyamata kutsogolo, koma mitu ya kumapeto inkatulukabe kunja kwa kagalasi. Njira inali imodzi yokha, kubwerera m'mbuyo.

"Pasapezeke wogwedezeka," ndinatero, ndi kuyamba kuyenda chafutambuyo, maso pa kagalasi, dzanja lina likuphimba dzuwa.

"Ahedi," anatero abambo kuchokera mumzere wakumbuyo.

"Musalankhule, bambo, mukuwononga mzere."

"Achemwali," anateronso Asiyatu.

"Ndati pakamwa potseka. Kodi lero Chichewa chavuta?"

Anatseka. Onse anatseka, pakuti ndinali nditawaphunzitsa bwino. Mitu yonse italowa ndinadina batani, panamveka tii, ndipo pofuna kutsimikiza kuti malume a kumapeto alowadi ndinapondanso kamodzi kumbuyo.

Amayi ophika anali atasiya pamenepo beseni lalikulu la madzi otsukira mpunga. Chidendene changa chinagunda m'mphepete mwake, maondo anapindika, ndipo ndinakhalamo, chubwi! Sindinagwe monga amagwera munthu woti n'kumumvera chisoni. Ndinakwanamo bwinobwino ngati beseni linayezedwa pa ine, miyendo m'mwamba, nsapato imodzi itauluka, madzi oyera a mpunga akusefukira mbali zonse. Chimodzi chokha ndingadzitamandire: kamera sindinaitaye. Dzanja langa linakhala m'mwamba, chipangizo cha alamu anga chikuyang'anabe anthu.

Anthu ambirimbiri ankayang'ana mphunzitsi wamkulu ali m'beseni, aliyense akuluma tsaya lake. Ndiye kunamveka mawu a abambo akunyumba, odekha ngati akupereka moni.

"Ahedi, tizikhalabe osagwedezeka?"

Bwalo lonse linaphulika. Ndipo pakati pa chiphokosocho, kamera ya m'dzanja langa inayamba kulira yokha, tcha, tcha, tcha. Ndinaganiza kuti yathyoka.

Asiyatu ndi amayi awiri ophika anandizula, n'kundilowetsa m'nyumba. M'chipindamo ndinayamba ndayang'ana kamera. Ndinaidina, inalira tii, ndipo ndinaiika pamwamba pa kabati mtima utakhala pansi kuti ili moyo. Asiyatu anandipatsa chitenje chake chakale, n'kuyamba kufinya diresi yanga, nkhope atayang'ana kukhoma. Mapewa ake ankagwedezeka.

"Asiyatu, ukuseka?"

"Ayi, achemwali. Ndikuganiza za mpunga. Kaya ukoma bwanji lero."

Ndinayesa kumudzudzula, koma ndinalephera. Chinandigwira chinthu chimene sichinandigwirepo chichokereni ku utsikana, ndipo tinaseka awiriwo mpaka kugwirana mapewa, misozi ili mbwee, mpango wanga utapendekera kukhutu limodzi. Titatha ndinadzikonza, ndinatenga kamera, n'kutuluka ndi nkhope yanga ya masiku onse. Ndinadzitonthoza kuti kugwa ndagwa, koma ntchito ya alamu anga ndaigwira.

Mawa lake masana tinasonkhana kwa asewere pa Boma, chifukwa ali ndi wailesi yakanema yaikulu. Ndikanatha kuziona kaye ndekha zithunzizo, koma batire inali itatha, ndipo inachajidwa komweko, alendo akumwa tiyi. Komanso, kunena zoona, sindinaone chifukwa chokayikira ntchito yanga. Amuna anakhala pamipando, a Shehe pakati, amayi pamphasa, Zainabu pakona atazolika monga mwa malangizo. Abambo analumikiza chingwe. Ine ndinaima pambali pa kanemayo, magalasi ali pamphuno tsopano, chala pa batani.

Choyamba kutuluka chinali mtengo wa mango. Kenako nkhuku. Kenako ndevu za abambo, zodzaza kanema yense, ndipo anthu anayamikira kuti kamerayi ndi yakuthwa.

"Zimenezo zinali zoyesera," ndinatero. "Tsopano tikuyamba za ukwati."

Ndinadina. Panatuluka mayi wina wophika, mutu utapendekera kumbuyo, akuseka ndi nthuli ya mbuzi m'dzanja. Chithunzicho chinali chopendama, chojambulidwa kuchokera cha m'chiuno mwanga, ndipo sindinkakumbukira kuti ndinachijambula. Ndinadinanso. Panatuluka malume a mkwati akuseka ndi wakabaza. (Pambuyo pake ndinamvetsa kuti izi zinali nthawi zimene ndinachedwa kuzimitsa, kamera ikulendewera padzanja.) Mkwati ndi mkwatibwi ali kuti? A kuchimuna ali kuti? Mizere yanga yonse ija, yowongoka ngati ya pa asembule, ili kuti?

Ndinadinanso, ndipo chinatuluka chithunzi chachikulu chija.

Monga woyesa chipangizo, ndiyenera kunena mosakondera kuti sindinaonepo chithunzi chowala bwino chotero. Chinajambulidwa kuchokera pansi, chopendama pang'ono, ndipo pakona yake pankaoneka nsonga ya phazi langa lopanda nsapato. Mitundu ya zitenje inatuluka yeniyeni. Mikanda ya pa diresi ya mkwatibwi inkawerengeka. A Shehe anali atagwira kofia yawo kuti isagwe, mkwati atapinda pakati. Ndipo pakatikati penipeni panali Zainabu, mutu m'mwamba, maso atatsinzinika, pakamwa pali yasa, mano onse panja.

Zotsatira zake ziwiri zinali zomwezo, kungoti kuseka kukukulirakulira.

Asewere anaika kapu yawo pansi mwakachetechete.

"Asewere anga," anatero, akuyang'ana ine, "paja munati mwanayu munamulangiza ndinu?"

Zainabu anazolika mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda mphasa. Anandipulumutsa ndi abambo, amene anayandikira kanemayo n'kuloza ndi chala.

"Pepani asewere, maso angawa ndi okalamba. Kodi mayi awa ali kumanja kwa mkwatiwa, agwira pamimbawa, ndi a kuchikazi kapena a kuchimuna?"

Onse tinayang'ana. Anali asewere eni ake, atawerama, pakamwa potsegula kuposa pa wina aliyense, moti zinkaoneka bwino lomwe kuti mano a m'mbali anawasiya kuchipatala kalekale, chinsinsi chimene anachisunga zaka zambiri polankhula ndi milomo yokha. A Shehe anatsokomola. Asewere anatenganso kapu yawo.

"Pitirizani," anatero.

Ndinapitiriza, ndi chiyembekezo choti mwina mizere yanga ili kumapeto. Chinatuluka chinali chithunzi chomaliza: chipinda cha Asiyatu, kuchokera pamwamba pa kabati. Amayi awiri achikulire atagwirana mapewa, mmodzi atavala chitenje chakale, mpango uli pakhutu, akuseka ngati mwana amene wauzidwa kuti lero kulibe sukulu. Panapita kanthawi anthu asanamuzindikire, chifukwa palibe amene anali ataionapo nkhope imeneyo.

"Ndi ahedi awo?" anafunsa mkwati, amenenso ndinamuphunzitsa.

Ndinazula chingwe.

Usiku sunafike ndisanayese njira zonse zokonzera zinthu. Ndinati tibwereze kujambula. Koma diresi ya mkwatibwi inali yobwereka ku Salima ndipo inali itakwera kale minibasi ya m'mawa, achibale a ku Dwambazi anali atanyamuka, ndipo a Shehe sindikanawapempha kuti adzaimenso pamzere. Ndinati ndifufuteko chomaliza chija. Ndinapeza batani lokhala ndi chithunzi cha bini, koma nditalidina kamera inandifunsa mafunso m'timalemba tosaoneka, ndipo ndinaopa kuti chala changa chikaterereka ndifufuta zonse, alamu anga n'kutsala opanda kalikonse. Ili ndi vuto lachitatu, ngakhale ndikuvomereza kuti mwina vutolo ndi chala. Pomaliza kakhadi kosunga zithunzi kanapita ku Joni konse, ndi munthu wa basi, nkhuku ndi ndevu zomwe.

Masiku amene ndinadikira foni ya alamu anga anali aatali. Bamboyo anapempha chinthu chimodzi, ndipo chimene ndinawatumizira chinali mwana wawo akuswa mwambo pamaso pa apongozi ake. Ndinakonza mawu opepesa, ndi kuwayeseza monga ndimayesezera zolankhula za tsiku lotsekera sukulu.

Foni italira ndinayamba ine.

"Alamu, ndisanamve chilichonse, ndikufuna kufotokoza kuti panali vuto la chipangizo, ndipo mwanayo tsiku lonse anali wodzisunga. Zithunzi zoyenera ndinajambula, kungoti..."

"Alamu," anandidula. "Kampata kaja akadali nako."

"Kampata kati?"

"Ka pakati pa mano akutsogolo. Ndinkati mwina kanatsekeka atakula." Kenako anapitiriza. "Ndachitsukitsa chachikulu, chili pakhoma pano. Anzanga a m'nyumba muno atopa nane. Ndikadzuka ndikuchiyang'ana, ndikaweruka ndikuchiyang'ana."

"Koma alamu, chimene ndinkafuna n'choti mumuone atazolika, mwaulemu, monga..."

"Mukanatero ndikanalandira chithunzi cha mpango wa pamutu pake basi. Ine mpango ndikanautani? Mipango ili mbwee m'masitolo kuno." Ndiye mawu awo anasintha. "Koma ndifunseko. Phazi lili pakonali ndi la ndani? Komanso mayi wokongola uyu akuseka ndi mkazi wangayu, ndi mlendo? Sindikumudziwa."

Ndinawauza kuti mayunitsi awo akutha.

Kompyuta ya kusukulu itabwerera, ndinalowetsa kachimbale kaja n'kuwerenga malangizo onse, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Nkhani inali pamenepo, yolembedwa momveka bwino. Kagudumu kakaloza pa nkhope yomwetulira, kudina batani sikujambula. Kumangouza kamera kuti iyambe kudikira, ndipo imajambula yokha ikaona munthu akumwetulira. Ndiye kuti tsiku lonse lija, chipangizocho chinkadikira mano moleza mtima, ine ndikuyendayenda pabwalo kulamula anthu kuti awabise.

Tsono kwa amene munandifunsa, chigamulo changa ndi ichi. Zithunzi zake n'zabwino kwambiri, mwinanso kupitirira muyeso, pakuti sizisiya imvi kapena dzino losowa. Kagwiritsidwe kake n'kosavuta kwa munthu wa zala zowonda, wa maso abwino, woima pamthunzi, amene sakhudza kagudumu. Ngati mukujambula banja la kwathu kuno, yambani mwayang'ana kumbuyo kwanu. Za mtengo, alamu anga akuti inawadya ndalama yokwana mbuzi ziwiri, ndipo akuti akanapereka khola lonse. Pamenepo sinditsutsa, chifukwa kamerayo inawapatsa chimene anapempha, pamene ine ndinali wokonzeka kuwapatsa chimene ndinkaona kuti n'choyenera.

Musaganize kuti ndasintha. Kagudumu ndinakabwezera pobiriwira, ndipo ndikamajambula ana a sitandade 8 ndimawauzabe kuti atseke pakamwa. Koma ndiulule chinthu chimodzi. Loweruka lina, abambo atapita kumsika, ndinatseka chitseko, ndinatembenuzira kagudumu pa nkhope ija, ndi kuika kamera pakabati. Ndinavala mpango wanga wabwino, ndinadina batani, ndinakaima patsogolo pake, n'kumwetulira monga ndimamwetulirira makolo pa msonkhano. Kamera inangokhala duu. Ndinawonjezera pang'ono. Inakhalabe duu. Ndinaonetsa mano a pamwamba, kenako a pansi omwe, mpaka masaya anayamba kupweteka. Chipangizocho chinandiyang'ana monga ndimayang'anira mwana amene wabwera ndi homuweki yokopera, kenako chinazima chokha kuti chisunge batire.